Mita Ikuti 80, Nyali Zazima

Usipa umene amayi amapima pambale mumsika wa Limbe umagwidwa ndi kuwala. Usiku wopanda mwezi, ku Msaka, ku Malembo kapena ku Makawa, munthu wotchedwa siginala amatsogola pakabwato ndi nyali zake. Nsomba zimasonkhana pansi pa kuwalako, iye n'kumazikoka pang'onopang'ono mpaka alovi atazizinga ndi chilimira. Kale nyalizo zinali za palafini, zopopa zija. Lero ambiri asamukira ku mababu a LED oyendera batire, kotero ndalama ya usiku wonse yagona m'bokosi lolemera la mtovu ndi asidi.

Bambo wina wa ku Kanjedza, amene ali ndi boti ku Mangochi koma amaliyendetsa pafoni ali ku Blantyre, anatopa ndi kumva zoti batire lathera panyanja. Anagula mita yoonetsa moto wotsala m'batire, ya kagalasi kowala ija, namangitsa m'botimo. Miyezi yoyamba zinayenda. Kenako usiku wina, cha m'ma 1 koloko, nyali zinayamba kufiira mpaka kuzimiratu, usipa n'kumwazika. Alovi anayang'ana pagalasi. Linkati 80 peresenti.

Patapita masiku awiri batire ndi mita yake zinali pabenchi ya mmisiri wa zamagetsi kuseri kwa magolosale a ku Kanjedza. Amisiri amenewa anachulukidwa ntchito kuyambira mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankathima tsiku lathunthu, ndipo aliyense wokhala ndi kangachepe anathamangira inveta, sola ndi mabatire. Madandaulo a m'boti ndi a m'nyumba za ku Chitawira kapena ku Namiwawa ndi amodzimodzi.

"Achimwene, kachipangizo aka n'kabodza," anatero mwini boti.

"Ayi bambo, sikakunama," anayankha mmisiriyo uku akumasula waya wakuda. "Kakunena zimene kakudziwa."

Yankho limeneli likumveka ngati kuzemba, koma ndi loona. Mita ya mtundu umenewu siona m'kati mwa batire. Ili ngati kalaliki wokhala pakhomo la nkhokwe ndi kope lake, amene sanasuzumirepo m'nkhokwemo. Pawaya wa negetivu amamangapo kachitsulo kotchedwa shunt, ndipo moto wonse wolowa kapena wotuluka umayenera kudutsa pamenepo. Mita imawerenga maampu odutsawo, n'kuchulukitsa ndi nthawi, n'kuchotsera pa nambala imene munthu anaiuza tsiku loyamba kuti ndiko kukula kwa batire. Ngati anaiuza 100Ah, ndipo nyali zikukoka maampu 5 kwa maola 4, imachotsa 20 n'kulemba 80. Masamu ake ndi osakhota.

Cholakwika choyamba mmisiri sanachipeze pabenchi. Anachipeza pachithunzi chimene mlovi wina anatumiza pa WhatsApp. Pamutu pa batire, kumbuyo kwa shunt, panali mawaya awiri owonjezera: wina wa kapampu kokapa madzi, wina wotchajira mafoni a alovi onse ndi wayilesi. Amene anawalumikiza sankafuna kuba, anangoona kuti pamenepo ndi pamene pali bawuti yosavuta kumasula. Koma moto wodutsa m'mawaya amenewo sunkadutsa pakhomo pa kalaliki uja. Maampu 2 kwa maola 8 ndi 16Ah usiku uliwonse, osalembedwa paliponse.

Apa ndi pamene nkhani ya boti imakumana ndi funso limene lavutitsa anthu opembedza kwa zaka mazanamazana. Munthu aliyense ali ndi kamita kake m'chifuwa, kamene timakatcha chikumbumtima. Tikamakangana, mawu omaliza amakhala akuti "mtima wanga sukunditsutsa." Amanena zimenezi wogulitsa amene sikelo yake imadya magalamu 50 pa kilogalamu, amanenanso bwana amene sanalipire wantchito wa pakhomo miyezi iwiri. Timathamangira kuganiza kuti akunama. Chovuta kuchimeza n'chakuti mwina sakunama konse. Kope lawo ndi loyeradi, chifukwa zinthu zina sizinadutse pakhomo powerengera. Wantchito uja sanalowepo m'gulu la anthu amene bwanayo amadziwerengera nawo mlandu.

Mtumwi Paulo ankaidziwa nkhaniyi kuchokera m'moyo wake. Buku la Machitidwe limasonyeza kuti pamene ankasaka Akhristu ankakhulupirira kuti akugwira ntchito yoyenera. N'chifukwa chake, polembera mpingo wa ku Korinto m'mutu 4 wa kalata yoyamba, atanena kuti sakudziwa kanthu komutsutsa, anafulumira kuonjeza kuti zimenezo sizikumumasula ku mlandu. Munthu amene mita yake inamusocheretsapo salumbiranso pa nambala ya pagalasi.

Nanga tiitaye mitayo? Thomas Aquinas, wansembe wa chipani cha Dominiko amene anamwalira mu 1274, anafunsa funso lomweli m'buku lake la Summa Theologiae: kodi chikumbumtima cholakwa chimamangabe munthu? Yankho lake limadabwitsa ambiri. Anati inde, chimamanga. Wochita chimene mtima wake ukuti n'choipa walakwa, ngakhale mtimawo utakhala kuti wasokera, popeza iye wasankha chimene akuchiona ngati choipa. Koma kutsatira mtima wosokera sikumuyeretsa munthu pokhapokha ngati kusadziwako sikunali kochita kufuna kapena kwa ulesi. Mwachidule, siginala ali pakati pa nyanja alibe china chodalira koposa mita imene ali nayo, ndipo sangaiponye m'madzi. Mlandu wake uli kumtunda, masana, pamene anali ndi mpata woyang'ana mawaya koma sanatero.

Kulakwitsa kumapitanso mbali ina, ndipo alaliki sakonda kutchula zimenezi. Waya wolambalala shunt akakhala wa sola kapena wa tchaja, moto umalowa osalembedwa. Mita imangoona zotuluka, n'kumatsika tsiku ndi tsiku mpaka kufika pa 10 batire lili lodzaza. Mwini wake amazimitsa nyali usiku ukadalipo, n'kubwerera kudoko ndi boti lopanda kanthu. Ignatius wa ku Loyola anadwala matenda amenewa ali ku Manresa mu 1522: ankaulula machimo omwewo mobwerezabwereza, osakhulupirira kuti akhululukidwa, mpaka anafika poganiza zodzipha. Martin Luther ali mmonke ankatopetsanso womuulutsa, Johann von Staupitz, ndi timachimo tosatha. M'mipingo ya ku Limbe muli anthu otere, amene kope lawo limalemba ngongole zokhazokha.

Ngakhale mawaya onse atakhala pamalo pake, mita imapatukabe pang'onopang'ono. Batire silibweza moto wonse umene lalandira, wina umathera m'kutentha. Komanso, monga Wilhelm Peukert wa ku Germany anasonyezera mu 1897, batire la mtovu likakokedwa mwamphamvu limapereka moto wochepa kusiyana ndi likamakokedwa mofatsa. Mita imangoyerekeza zonsezi ndi manambala amene inaikiridwa. Ikaphonya ndi 2Ah usiku umodzi palibe angazindikire, koma pakatha mausiku 20 yaphonya ndi 40. Mankhwala ake ndi amodzi: batire lidzaze mpaka pakamwa, kuti mita iyambirenso kuwerenga pa 100 weniweni. Kunyanja mwezi umathandiza. Ukawala kwambiri usipa sulabadira nyali, asodzi amapuma, ndipo batire limapeza masiku okhala pa tchaja. Zipembedzo nazo zinaika masiku oterowo pakalendala: Lenti, Ramadani, sabata yokonzekera mgonero. Asilamu ali ndi liwu lakuti muhasaba, kudziwerengera, lochokera ku liwu la kuwerengera malonda, ndipo mphunzitsi wina amene anamwalira ku Baghdad mu 857 anadziwika nalo mpaka linasanduka dzina lake, al-Muhasibi.

Koma pali msampha umene mmisiri wa ku Kanjedza amaukonda kuufotokoza, chifukwa nyengo ya ku Blantyre imautchera bwino. Mita imadziwa bwanji kuti batire ladzaza? Imayang'ana zizindikiro ziwiri: mavolti akwere, ndipo moto wolowa uchepe kwambiri. Mamita otchuka a Victron amabwera ataikidwa kuti mavolti akapitirira 13.2, moto wolowa n'kutsika pansi pa 4 peresenti ya kukula kwa batire kwa mphindi zitatu, ndiye kuti ladzaza. Tsopano taganizirani mmawa wa chiperoni mu Julaye. Dzuwa latuluka pang'ono, sola yakweza mavolti, kenako mtambo wochokera ku Thyolo waphimba. Moto wolowa wachepa, osati chifukwa batire lakhuta, koma chifukwa dzuwa labisala. Mita ikuona zizindikiro zake zonse ziwiri, n'kulumpha kuchoka pa 65 kufika pa 100. Ngongole yonse yafufutidwa popanda kubweza kanthu. Amisiri amakonza zimenezi pokweza nambala ija kufika cha pa 14.2, pafupi ndi pamene tchaja imafikitsa batire likamadzazadi.

Aliyense amene anatulukapo m'mapemphero a usiku wonse mtima uli mbee, mawu atasasa ndi kuimba, koma ndalama ya chipeleganyu ya anzake asanabweze, akudziwa mmawa wa chiperoni umenewu. Kupepuka kwa mtima ndi chizindikiro chenicheni cha kukhululukidwa, monganso kuchepa kwa moto kuli chizindikiro chenicheni cha kudzaza. Vuto ndi lakuti chimabweranso pa zifukwa zina.

Fanizoli lili ndi polekezera, ndipo ndi bwino kuvomereza. Batire lili ndi mboni zina. Mmisiri analisiya maola angapo osalumikiza kanthu, n'kuyeza mavolti: lodzaza limakhala cha pa 12.7, la theka cha pa 12.2. Kenako anatsegula zivindikiro zisanu ndi chimodzi, nalowetsa kachubu kagalasi kokhala ndi mpira kumutu, haidiromita, n'kuyamwa asidi. Kachubuko kamayeza kulemera kwa asidiyo, ndipo sikadziwa chilichonse cha m'kope la kalaliki. Munthu alibe chivindikiro choti wina atsegule.

Ena angati mboniyo ndi gulu: mpingo, mudzi, akuluakulu. Wakutsina khutu ndi mnansi, inde. Koma mamita khumi omangidwa pa waya wolakwika yemweyo amagwirizana onse. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitachoka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mu Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu amene aliyense mwa iwo ankaona nkhope ya mnzake ikumuvomereza. Ngakhale muyezo wa miyezo umasuntha. Sikelo za m'misika yathu zimayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, miyala yawo nayo imayesedwa ndi ina, ndipo mzerewo unkathera pa kachitsulo kamodzi kosungidwa ku Sèvres, ku France, kuyambira 1889. Patapita zaka, asayansi anapeza kuti kachitsuloko ndi makope ake sizikulemeranso chimodzimodzi, ndipo mu 2019 anakapumitsa pantchito.

Chimene chimapatsa haidiromita mphamvu si chakuti ndi yolondola kuposa mita. Ndi chakuti imayeza mwa njira ina, kotero sizingalakwire limodzi. M'boti lija munali mboni ya mtundu umenewo kuyambira kale, ndipo sinagulidwe kusitolo. Alovi anali ataona kwa milungu ingapo kuti nyali zikufiira msanga. Anamuuza mwini boti pafoni kawiri konse. Iye anawafunsa kuti galasi likuti chiyani, atamva kuti 85, anaganiza kuti anyamatawo akufuna kubwerera kumtunda msanga. Wodziwa bwino za sikelo ndi amene amagula, ndipo wodziwa ngati bwana ali wachilungamo ndi wantchito uja wa miyezi iwiri. Mneneri Natani sanapite kwa Davide ndi mndandanda wa malamulo, anapita ndi nkhani ya mmphawi wolandidwa kamwana ka nkhosa. Mboni zotere n'zosasangalatsa kuzimva, ndipo kawirikawiri ndi anthu amene tili ndi mphamvu yowauza kuti akhale chete.

Chinatsala chinthu chimodzi. Mmisiri anadzaza batire usiku wonse, m'mawa nalumikiza babu lodziwika kukoka kwake, n'kumayang'ana wotchi. Batire la 100Ah loperekera maampu 5 liyenera kupirira maola 20. Ili linagwada litangokwanitsa 12. Kusiyidwa losadzaza kwa miyezi kunali kutaumitsa mbale zake za mtovu, ndipo linali litasanduka batire la 60Ah lovala chikwangwani cha 100. Ngakhale pa tsiku limene mita inkati 100 moona, inali 100 wa nkhokwe yaing'ono.

Anatenga mita kuti asinthe nambalayo. Mwini boti, amene anali chete nthawi yonseyi, anasendera pafupi.

"Achimwene, bwanji mungoisiya pa 100 pomwepo? Mwezi wamawa ndikufuna ndiligulitse limeneli, pali wina ku Malembo akulifuna."

Mmisiri sanayankhe msanga. Anadina kabatani, 100 n'kutsika kukhala 90, 80, 70, naima pa 60. Kenako anatenga choko n'kulembanso nambala yomweyo pambali pa batire, pamene aliyense wolinyamula angaione.

"Mukafuna mukafufuta nokha, bambo," anatero. "Mawaya awiri aja muwauze awasamutsire kutsogolo kwa shunt."

Mnyamata wa wilibala ananyamula batirelo kupita nalo kudepoti ya Limbe, kumene minibasi ya ku Mangochi inali kudikira anthu atatu kuti idzaze.