Mawu Olimbikitsa Ana



Mayeso a Sitandade 8 akayandikira, sukulu zina kuno kwathu, kaya pa Boma la Mzimba, ku Embangweni kapena ku Jenda, zimaitana mlendo kuti adzalankhule ndi ana. Amabwera namwino kapena mphunzitsi wa ku sekondale. Phindu lake timaliona. Mantha a mayeso amachepa, ndipo mtsikana amene amafuna kusiya sukulu amasintha maganizo poona mayi amene anakulira kumudzi ngati iye.

Komabe mawu a tsiku limodzi ali ngati chizimalupsa: amanyowetsa fumbi, koma sitibzala nawo. Mlendo akapita, mwana amatsala ndi ife. Ana ambiri kuno bambo awo ali ku Joni, ndipo akuleredwa ndi amayi kapena agogo otanganidwa ndi kumunda. Nanga adzawalimbikitsa tsiku ndi tsiku ndani?

Bahá'u'lláh anayerekeza munthu ndi mgodi wodzala ndi miyala ya mtengo wapatali, imene imatulutsidwa ndi maphunziro okha. Choncho kulimbikitsa mwana si kumunyengerera ayi, koma kuona mwala umene Mulungu anaika mwa iye ndi kuutchula dzina. M'malo mongoti "ndiwe wanzeru", tinganene kuti, "Lero wanena zoona ngakhale unali ndi mantha." Mawu otere amafika ngakhale kwa mwana amene sadzasankhidwa kupita ku sekondale, pakuti kukhulupirika, chifundo ndi mtima wotumikira sizidikira zotsatira za MANEB.

'Abdu'l-Bahá analangiza makolo kuti aziyamikira mwana akachita bwino, azimulangiza mwanzeru akalakwa, koma asamumenye kapena kumunyoza, chifukwa zimenezi zimawononga khalidwe lake. Mwana amene amatchedwa chitsiru masiku onse, pamapeto pake amakhulupirira kuti ndi chitsirudi. Paja m'mera mpoyamba.

N'chifukwa chake tikamaphunzira Buku Lachitatu la Ruhi, la makalasi a ana, ndi Buku Lachisanu, la achinyamata a zaka 12 mpaka 15, tikukonzekeretsanso lilime lathu.

Tikambirane pamodzi:

1. Ndi mawu ati amene tinauzidwa tili ana amene akutithandizabe lero?
2. Ndi mwana uti m'mudzi mwathu amene samva mawu omuyamikira?
3. Ndi khalidwe labwino liti limene taona mwa iye, ndipo tikamuuza liti sabata ino?