Kodi Kulemba Wilo Ndiko Kuitana Imfa?

Ife a kunyanja kuno tidziwa mwambo wa pa cilumba ca Mbenji. Ciyambire zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira amatseka cilumbaco caka ndi caka, kuyambira Disembala kufikira Epulo, kuti utaka uswane. Palibe anena kuti potero tiitana njala. Tonse tibvomera kuti tirikusungira ana athu nsomba.

Nanga bwanji msodzi yemweyo, pouzidwa kuti alembe wilo, ayankha kuti, "Mufuna ndife msanga kodi?" Imfa siidikira kalata. Tsiku limene iye atisiya, bwato, injini, cilimira ndi nyumba yamalata zitsala zopanda mau. Pamenepo abale ace afika, wina anyamula ukonde, wina makiyi, ndipo mkazi wamasiye abwerera kwao ndi ana ndi mphika wokha.

Lamulo la cuma camasiye la 14 caka ca 2011 liti kulanda kotere ndi mlandu, ndipo liika mkazi ndi ana patsogolo. Koma milandu icedwa, nipasula cibale. Wilo ndiyo yapafupi: munthu alemba cuma cace ndi ocilandira, nasaina pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaina. Akafuna kuti mwana wa mlongo wace alandireko ukonde, alembe momwemo.

Cotero tiyesa kuti wokhala cete sapewa imfa, koma asiyira ana ndeu. Ife amene tidziwa kusungira ana nsomba, tisalephere kuwasungira nyumba tikali ndi mpweya.