Kodi Kukopera Buku la Mwini Ndi Kuba?

Mayeso a Giredi 12 ayandikira. M'kalasi mwanu muli anthu ambiri koma buku ndi limodzi, ndipo mtengo wake kusitolo ndi wosayambika. Mnzanu wina akuti, "Tiyeni tisonkhe ndalama ticite fotokope buku lonse." Wina akuti ali nalo kale pafoni, angokutumizirani pa WhatsApp. Kodi pamenepa pali kuba?

Ambiri angayankhe kuti iai. Amati wakuba mbuzi amasiya khola lopanda kanthu, koma wokopera buku salanda mwini wake tsamba ngakhale limodzi. Amatinso nzeru si katundu wa munthu mmodzi. Mfundoyi ili ndi mutu ndithu. Palibe amalipira kuti agwiritse nchito masamu a Pythagoras, ndipo nthano za Kalulu ndi Fisi ndi zathu tonse.

Koma taganizirani wolemba uja. Anakhala zaka akufufuza, kulemba ndi kufufuta, ndipo malipiro ake amacokera pa buku lililonse logulidwa. Tonse tikacita fotokope, wodyerera ndi mwini makina, pamene wolemba agona ndi njala. Kodi adzalembanso? Wosindikiza naye akaona kuti mabuku a Cinyanja sakugulidwa adzawasiya, ndipo ang'ono anu adzasowa cowerenga. Simunacotse tsamba m'buku mwake, koma mwamudyera thukuta.

Lamulo limayesa kusamala mbali zonse ziwiri. La ku Britain la mu 1710 linapatsa wolemba zaka 14 zakuti wina asasindikize buku lake, ndipo colinga cake cinali kulimbikitsa maphunziro. Kuno ku Zambia, lamulo la mu 1994 linati buku litetezedwe moyo wonse wa wolemba ndi zaka zina 50 iye atamwalira. Komabe linasiya khomo lotsegula. Linalola munthu kutapa pang'ono m'buku pophunzira payekha, malinga ngati safuna kupangirapo ndalama. Linalolanso mphunzitsi ndi mwana wasukulu kukopera pa nthawi ya phunziro, monga pabolodi kapena m'kope, koma osati ndi makina oturutsa makope ambiri. Kutengamo mafunso a mayeso nakonso kunaloledwa.

Nzeru imeneyi si yacilendo. Kumudzi, wapaulendo akathyola nzimbe imodzi cifukwa ca ludzu, mwini dimba kawirikawiri sakweza mau. Koma akabwera ndi ngolo, mlandu umafika kwa amfumu. Buku la Deuteronomo, mutu 23, limalola kudya mphesa m'munda wa mnzako mpaka kukhuta, koma limaletsa kuika zina m'dengu. Njala imamveka, koma kukolola munda wa mwini ndi nkhani ina.

Tsono musanapite kumakina, dzifunseni mafunso atatu. Kodi ndikutenga masamba ocepa amene ndikuwafunadi, kapena buku lonse? Kodi ndikufuna kuphunzira, kapena kugulitsa? Kodi cimene ndikucitaci cilepheretsa anthu amene akanagula bukuli kuti asagule? Ndipo ciliconse cimene mwatenga, chulani dzina la mwini wake. Kuika dzina lanu pa mau a munthu wina ndi bodza, ngakhale atakhala ndime imodzi.

Umphawi ulipo, sitikana. Boma, masukulu ndi osindikiza ali ndi udindo woonetsetsa kuti mabuku afike kwa mwana aliyense pa mtengo wotheka, ndipo muli ndi ufulu wowakumbutsa zimenezi. Koma pakali pano, ndalama zimene mukanasonkhera fotokope zingagule buku lenileni limodzi kapena awiri, n'kumabwerekana. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Pitani kulaibulale, werengerani pamodzi, lembani mfundo m'mau anuanu.

Ena mwa inu mudzakhala olemba mabuku. Tsiku limenelo mudzafuna kuti ana asukulu adzacite ciani ndi buku lanu?