Za Pemphero la Ana Pogona, ndi za Tsiku la Krisimasi

Mwezi wa December wafika, mvula yagwa, ndipo m'dziko lonse lino la Mchinji, m'mbali mwa Bua ndi Rusa, anthu ali m'minda ndi makasu ao. Masiku ano ndiwo a nchito yowawa, pakuti udzu sulindira munthu. Komanso ndiwo masiku amene ana ayamba kufunsa amai ao kuti, Kodi Krisimasi idza liti, nanga tidzadya ciani? Cifukwa cace tayesa kuti nkwabwino kukambirana ndi abale athu a m'midzi za zinthu ziwiri zimene Akristu atsutsana nazo kawiri kawiri. Coyamba ndi ici: kodi kuyenera kuphunzitsa kupemphera mwana wamng'ono, amene sanayambe kuzindikira tanthauzo la mau? Caciwiri: kodi banja losauka lisunge bwanji tsiku la kubadwa kwa Ambuye? Ife tiyesa kuti mafunso awiriwa ali ndi muzu umodzi, ndiwo mangawa amene wobala ali nao kwa mwana wace.

Alipo abale ena, anthu olingalira bwino ndithu, amene anena kotere: Pemphero loona licokera mumtima wozindikira. Mwana wa zaka zitatu akachula dzina la Mulungu angotsanza monga cinkhwe, ndipo tikamzoloweretsa kunena mau osawadziwa tidzamsandutsa wonyenga, wopembedza ndi milomo yokha. Kuli bwino kumleka akule, alowe m'kalasi, aphunzire Katekisma, ndipo pamenepo adzapemphera ndi nzeru. Mau awa sitiwapeputsa ai, pakuti cipembedzo ca pakamwa pokha ciripodi pakati pa anthu, ndipo cipweteka mpingo koposa adani a kunja.

Koma tiyeni tiyang'ane umo tilerera ana pa zinthu zina zonse. Ndani mwa ife alindira mwana adziwe tanthauzo la ulemu asanamphunzitse kulandira ndi manja awiri? Mai aika kadzanja kamodzi pa kanzace, nati, Landira bwino. Ndipo mwanayo acita comweco zaka zambiri asanadziwe cifukwa cace. Aphunzira kugwada popereka madzi kwa mlendo, aphunzira kunena zikomo, ndipo palibe munthu amuyesa wonyenga. Dzanja litsogola, mtima nutsata pambuyo. Ngakhale cinenero comwe mwana aciyamba ndi kutsanza, nzeru ya mau nidza pang'ono pang'ono. Nanga bwanji pa cinthu copambana zonse tifuna kutembenuza njira, kuti nzeru iyambe ndi kuzolowera kutsate? Makolo anati, M'mera mpoyamba. Iye wolindira kuti munda uyambe wauma bwino asanabzale adzapeza kuti namsongole wabzala kale m'malo mwace. Pakuti mtima wa mwana sukhala wopanda kanthu kulindira ife. Buku la Samueli litiuza za mnyamata amene anaitanidwa usiku ali gone, asanamdziwe Yehova. Ndipo anaphunzira mayankhidwe kwa nkhalamba Eli. Mau anali obwereka, koma Iye amene anawamva sanawakana.

Makolo athu anadziwa kuti nthawi ya kuphunzitsa mwana ndiyo madzulo. Nthano sanazikamba usana, koma moto utayaka, nsima itadyedwa. Pamenepo agogo anati, Padangotero, ana nayankha, Tiri tonse. M'nthano za kalulu ndi fisi munali mwambo wonse wa mudzi, ndipo cimene mwana anamva atatsala pang'ono kugona anapita naco ku tulo, nadzuka naco. Buku la Deuteronomo, mutu 6, lilamulira Aisrayeli cinthu cofanana, kuti akambe za malamulo a Mulungu ndi ana ao m'nyumba ndi panjira, nthawi yogona ndi nthawi youka. Kotero pemphero la madzulo siliri mwambo wa Azungu wolowa pa khomo lacilendo. Lipeza mphasa yoyala kale. Masiku ano wailesi ndi lamya ya m'manja zalanda malo a agogo pa moto m'nyumba zambiri, ndipo mau otsiriza amene mwana amva pa tsiku ndiwo a munthu wosamdziwa dzina, wosasamalanso za moyo wace.

Tikumbukirenso kuti nthawi imeneyi iri yaifupi. M'midzi yambiri ya kwathu mwana akafika zaka 6 kapena 7 aleka kugona m'nyumba ya atate ndi amai. Anyamata apita ku mphala kapena ku gowero, asungwana ku kuka kwa agogo. Tiwerenge tsono monga ana a sukulu. Kuyambira pamene mwana ayamba kulankhula, ali wa zaka 2, kufikira zaka 6, pali zaka 4, ndiwo madzulo 1,460. M'zaka zomwezo Sukulu ya Sabata, ngakhale mwana asajombe konse, imlandira masiku 208 okha. Ndani tsono ali ndi munda waukulu, mphunzitsi kodi, kapena wobala? Ndipo akapita ku gowero aphunzitsidwa ndi anzace okula pang'ono, zabwino ndi zoipa pamodzi. Akapita ndi pemphero m'kamwa mwace, apita ndi kamba wa paulendo. Akapita manja lende, adzadya ciri conse cimene adzampatsa kumeneko.

Pano pabuka funso lina lobvuta pakati pa ife Acewa. Mwa mwambo wathu mwana ndi wa mbumba ya amai ace, ndipo mwini mbumba ndiye malume. Mkamwini ayesedwa mlendo pa mudzi wa mkazi wace. Cifukwa ca ici amuna ena ati, Ine ndingobala, za mwambo adziwa ndi eni ace. Ife sitifuna kupasula ulemu wa malume, pakuti mwambo umenewu wasunga ana amasiye osawerengeka. Koma tifunsa: tsiku lija mwana anabatizidwa, anaima pamaso pa mpingo ndi kulonjeza ndani? Malume kodi? Iai, atate ndi amai. Lonjezo silisamuka kunka kwa munthu amene sanalinena. Ndipo kumene atate kulibe, pakuti dziko lino la m'malire ladziwa maulendo kuyambira masiku a Wenela ndi a ku Salisbury kufikira maulendo a lero a ku Lusaka ndi ku Johannesburg, mai asayese kuti pemphero la mkazi yekha liri locepa mphamvu. Timoteo, mnzace wa Paulo, atate wace anali Mhelene; cikhulupiriro anacilandira kwa agogo ace Loisi ndi amai ace Yunike. Agogo a ku kuka, inunso muli ansembe a ana ogona pa mphasa zanu.

Ena akankhira nchito iyi kwa aphunzitsi, nati, Nanga sukulu iripo cifukwa ninji? Kale mau awa anali ndi malo. Pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga pa Mvera m'caka ca 1889, pamene Ansembe Oyera anafika pa Kachebere m'caka ca 1903, ngakhale pamene a Dutch anatsegula misyoni ya Mchinji m'caka ca 1914, ana ambiri olowa sukulu anali ndi makolo osadziwa Mau, ndipo panalibe wina wowaphunzitsa kupemphera koma mphunzitsi. Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'cinenero cathu m'caka ca 1922. Zaka zoposa 100 zapita. Buku liri m'nyumba zathu, pamodzi ndi Nyimbo za Mulungu ndi Mlozo wotsogolera kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku. Cowiringula ca mbadwo woyamba sicingakhale ca zidzukulu za zidzukulu zao.

Komabe pali maenje awiri amene tiyenera kucenjera nao. Loyamba ndilo kusandutsa pemphero cithumwa. Usiku uopsa mwana, ndipo dziko lino lidziwa kuopsa kwa mdima. Pamene Boma lino linachedwa Fort Manning, ca m'ma 1930, mkango umodzi unapha anthu oposa 30 m'miyezi yowerengeka, ndipo kuopa mfiti sikunathe m'midzi kufikira lero. Wobala akati, Pemphera kuti mfiti ingakutenge, wamangira mwana mphinjiri yatsopano m'khosi, yosiyana ndi yakale dzina lokha. Tsiku limene adzadwala atapemphera adzati, Mankhwala awa alibe mphamvu, nadzafuna ena. Timuuze coonadi: kuti pemphero ndiko kulankhula ndi Atate amene sagona, amene ali nafe pa usiku wabwino ndi pa usiku woipa womwe, ndipo titatha kupemphera titsitse neti ya udzudzu, pakuti kusamala thupi la mwana ndiko kumvera Mulungu yemweyo. Dzenje laciwiri ndilo kuopsa mwana ndi dzina la Mulungu monga amuopsera ndi fisi. Iye amene akwapula mwana, namkokera pa maondo misozi isanaume, aphunzitsa kuti pemphero ndi mcira wa cilango. Ngati panali mlandu usana, uthe poyamba. Wolakwa apepese, wamkulu akhululuke. Ndipo ngati wolakwa ndiye wamkulu, apepese iyeyo, pakuti mwana woona atate wace alikupepesa waphunzira za cikhululukiro koposa maulaliki khumi.

Macitidwe ace asakhale olemetsa. Mau a m'Buku akhale ocepa, kapena nkhani imodzi yokambidwa ndi pakamwa monga nthano. Nyimbo ndime imodzi. Pemphero lalifupi, loti mwana alimve. Mumfunse, Lero tiyamika ciani? Akati mango, kapena ngumbi, musaseke. Wayamika cimene walandiradi. Achule maina a agogo, a wodwala wa pa mudzi, a atate ali ku ulendo. Zonsezi zitha nkhuni imodzi isananyeke. Atate otopa ndi khasu adzati, Ndalema. Koma kulema kumeneku sikuletsa kukhala pa bwalo la bawo kufikira mwezi utalowa.

Tsono za Krisimasi. Buku Lopatulika silichula tsiku kapena mwezi umene Yesu anabadwa. Mbiri yakale yotsimikizika isonyeza kuti Akristu a ku Roma analikusunga 25 December m'caka ca 336, ndipo mtengo wokometsedwa ndi nyali unacokera ku Germany zaka mazana ambiri pambuyo pace. M'maiko a kumpoto tsikuli ligwa m'nyengo yozizira, zokolola ziri m'nyumba, nchito ya m'munda itatha. Kwa ife ligwa pa khomo la njala, nkhokwe itatsika, cimanga catsopano cisanamasule ngaiyaye. Kusiyana kumeneku nkwakukuru, ndipo iye wotsanza madyerero a eni kukolola pa nthawi ya kupalira adzibvuta yekha.

Taonani cimene cicitika. Munthu atapa cimanga m'nkhokwe, nakacigulitsa pa Boma kapena kwa amalonda a ku cipata ca Mwami, kuti agule mpunga, shuga, buledi ndi zobvala. Wina akongola ndarama za katapira. Wina atha zonse pa mowa, ana namuona alikudzandira pa tsiku limene anawauza kuti ndi lopatulika. Ikafika February agula cimanga comweco pa mtengo wokwera, kapena asiya munda wace nakagwira ganyu m'munda wa mnzace. Amene anaona njala ya 2002, imene inasautsa Mchinji pamodzi ndi maboma ena a pakati, adziwa kulira kwa mwana m'mwezi umenewo. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Tinena mosabisa kuti kudyetsa mwana mpunga tsiku limodzi ndi kumgoneka ndi njala masabata atatu sikuli cikondi, koma kuopa maso a anansi.

Wina adzatiyankha nati, Kodi mwana wa mmphawi asakondwe konse? Anzace abvala zatsopano, iye ayang'ane pansi? Funso ili lilasa mtima, ndipo cimwemwe sitiletsa ai. Uthenga wa usiku uja unali wa cikondwero, ndipo unayamba kumveka kwa abusa a ku dambo. Amene Mulungu wampatsa aphe nkhuku, aphike mpunga ndi mtima woyera. Koma tikumbukire cimene cikhalitsa mumtima wa mwana. Funsani nkhalamba za Krisimasi ya ubwana wao. Malaya anaiwala maonekedwe ace, koma nyimbo za m'banda kuca, ndi sewero la abusa ndi anzeru a kum'mawa m'chalichi, sanaziiwala. Cifukwa cace madzulo a masiku otsogolera Krisimasi mukambe nkhani ya Luka mutu 2 pang'ono pang'ono. Ana aumbe ng'ombe ndi nkhosa za dothi, monga adziwa kale, namange kakhola ka mapesi. Asese pabwalo, acape zobvala zakale, athyole maluwa a m'chire. Ndipo mbale yoyamba, ngakhale iri ya nsima ndi nkhwani wotendera, mwana ainyamule ndi manja ace kunka nayo kwa mkazi wamasiye kapena nkhalamba yokhala yokha. Pamenepo mwana wa mmphawi sayang'ananso pansi, pakuti wakhala wopatsa. Ndipo inu olemera, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Itanani ana a anansi, kuti pasakhale wina wosuzumira pa mpanda.

Abale okondedwa, ambiri a ife sitidzasiyira ana ng'ombe kapena nyumba ya malata. Koma colowa ici ca madzulo ciri m'manja mwa wosauka monga mwa wolemera. Cisowa kacigawo kakang'ono ka nthawi, ndi mtima wosalema. Musalindire caka catsopano, musalindire kuti mwana akule. Yambani usiku uno, nyali isanazime. Ambuye amene anabadwa m'nyumba yobwereka adalitse nyumba zanu ndi ana anu onse.