Sindinakugundeni, agogo

Njinga yanga yamoto ndinaigula kwa mnzanga ili ndi nyali yofiirira ngati koloboyi. Masana sindinkalabadira. Koma ntchito yanga pa Namitete imatha dzuwa litalowa, ndipo kwathu ndi chakumbali ya ku Nsaru, msewu wafumbi wa maenje amene mvula imakumba chaka ndi chaka. Usiku wina m'nyengo yokolola ndinatsala pang'ono kulowa kunsi kwa ngolo yodzaza chimanga. Ngolo ilibe nyali, ng'ombe nazo zilibe. Ndinaiona itandifika kale pamphuno, ndinagwira mabuleki onse, njinga n'kuterereka, ine khu! pansi, bondo litasupuka.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi pa M12 kupita m'tauni kukagula chimene anyamata a kabaza amachitcha xenon. Kwathu kuno nyali iliyonse yowala moyera imatchedwa xenon, ngakhale zambiri zimene zikugulitsidwa masiku ano ndi za LED. Yanga inali xenon yeniyeni, ya kabokosi.

Babu wamba amakhala ndi kawaya kamene kamawala kakatentha. Wa xenon alibe kawayako. Muli mpweya wotsekeredwa m'kagalasi, ndipo magetsi amadumpha pakati pa nsonga ziwiri ngati kamphezi kosazima. Kuti adumphe koyamba pamafunika ma volt oposa 20,000, n'chifukwa chake pamakhala kabokosi kotchedwa ballast. Babu wa xenon wa 35 watts amawala kuwirikiza kawiri, mwinanso kuposa, poyerekeza ndi babu wamba wa galimoto wa 55 watts. Makaniko anachita kukoka waya kuchokera ku batire, poti nyali ya tinjinga tathu timeneti imadya magetsi ochokera ku injini, aja amachepa ukachepetsa moto. Atayatsa, khoma la golosale ya tsidya lina linayera mbee. "Apa ndiye usiku mwauthetsa, achimwene," anatero akupukuta manja.

Ndisaname, masabata oyambirira ndinasangalala. Dzenje ndinkaliona lili kutali, galu ndinkamuona asanaganize zodutsa. Ndipo ndikafika pa tiredingi anyamata a pa siteji ankatembenuka. Chimenechonso chinkandikoma, ngakhale pogula ndinkadziuza kuti ndikugula chitetezo basi.

Ndiye usiku wina ndinakumana ndi njinga yakapalasa ikuchokera kuchigayo, thumba la ufa pakaliyala. Ndinaiona bwinobwino, mpaka mtundu wa chipewa cha wokwerayo. Iye sanaone kanthu. Anagwedezeka, anakweza dzanja kumaso, n'kupatukira m'ngalande. Nditaima ndinapeza kuti ndi agogo ena a m'mudzi woyandikana ndi wathu, anthu oti anaimba kwaya limodzi ndi bambo anga. Ufa unali utamwazika paudzu.

Mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwanga sanali pepani. Ndinati, "Komatu sindinakugundeni, agogo."

Anakhala kaye chete akuphethira. "Ayi mwanawe, sunandigunde," anatero. "Wangondilanda msewu. Maso angawa akathobwa sabwerera msanga."

Mawu anga aja ndi amene akhala akundisowetsa tulo, kuposa a agogowo. N'chifukwa chiyani ndinathamangira kunena kuti sindinawagunde? Chifukwa ambirife mlandu timauyeza ndi kukhudza. Ukamenya munthu, ukamuponda ndi tayala, pamenepo walakwa. Koma ngati pakati pa iwe ndi iye pali mpata wa mamita khumi, ndipo chadutsa pamenepo ndi kuwala chabe, umadziona woyera. Kuwala eti, chinthu chimene kutchalitchi timachitchula ndi ulemu. Ndani angaimbe munthu mlandu woti wawalitsa?

Ndinafufuza pambuyo pake chimene chinachitika. Xenon inayamba kuikidwa pa galimoto mu 1991, pa BMW 7 Series. Nyali zopangidwira babu ameneyu zimadula kuwala pamzere, kuti kugwere pamsewu osakwera m'maso mwa wobwera kutsogolo, ndipo ku Europe galimoto za nyali zamphamvu chonchi zimayenera kukhala ndi chipangizo choweramitsa nyali chokha katundu akalemera kumbuyo. Nanga ya ine? Mbale yonyezimira ya m'nyali yanga anaiumba molingana ndi pamene pamakhala kawaya ka babu wamba. Ukaikamo babu wina, kuwala kumachokera pamalo ena, kusiyana kwake mamilimita ochepa chabe, koma kumabalalika paliponse. Dimu ndi fulu zimangofanana. Ukakweza munthu kumbuyo, njinga imadzutsa mutu, nyali n'kuloza kumaso kwenikweni. Ndipo diso limene lazolowera mdima likathobwa limatenga nthawi kuti lizolowerenso, la munthu wachikulire ndiye kwambiri.

Choncho mdima uja sindinauthetse monga ananenera makaniko. Ndinangouchotsa patsogolo panga n'kuusenzetsa wina.

Nditamufotokozera mnzanga wa kabaza, anandiseka. "Aise, iwe waphunzira kwambiri. Mathiraki ochokera ku boda ya Mchinji amakudimira iweyo? Usiku wa dzana ndinanyamula mayi wodwala kupita naye ku St Gabriel's. Ukanakonda ndimugwetsere m'dzenje chifukwa choopa kuthobwa munthu?" Sindinamuyankhe, chifukwa sananame. Wokwera kumbuyo naye ndi munthu, ali ndi ana. Bondo langa lija silinasupuke m'maloto. Ndipo mukhoza kufunsa kuti bwanji angolo ndi akapalasa osamata tonyezimira kumbuyo, poti ndi totsika mtengo kuposa xenon? Funsolo n'loona ndithu. Amene akunena kuti nyali yowala ndi matama chabe sanayendepo msewu wa kumudzi mwezi uli mumdima.

Koma taonani kumene mfundo ya mnzangayo ikutifikitsa. Thiraki yandithobwa, ine ndagula nyali yoti ndibwezere. Wa kabaza mnzanga wathobwa ndi yanga, naye wakagula yoposa. Tonse tikamaliza kugula, palibe amene akuona bwino kuposa kale tikamakumana. Ndipo pali anthu amene mpikisanowu sangaulowe n'komwe: mayi wosenza nkhuni, mwana wochokera kokawerenga kusukulu, agogo a ufa aja. Iwowa ndiwo ambiri pamsewu wa ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma, ndipo msewuwo anayamba kuuyenda njinga zamoto zisanabwere. Chitetezo changa ndinalipira ndi ndalama kamodzi kokha m'tauni. Chotsalacho akulipira ndi iwo usiku uliwonse, popanda amene anawafunsa.

Palinso china chimene sindinamuuze mnzangayo chifukwa cha manyazi. Chiikireni xenon ndinayamba kuthamanga. Pamene kale ndinkayenda mwa kamba poopa maenje, tsopano ndinkakoka moto. Munthu akamathamanga makilomita 50 pa ola amadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti chitetezo chimene ndinagula sindinachisunge, ndinachisinthanitsa ndi kufika msanga kunyumba nsima isanazizire. Ndikanena kuti ndinathobwa agogo kuti ndipulumutse moyo wanga, mwina wina angandimvetse. Koma kuti ndinawathobwa chifukwa cha nsima yotentha?

Chovuta pa nyali n'chakuti mwini wake saiona. Amakhala kumbuyo kwake, kumene zonse zimaoneka bwino. Tsiku lina ndinamupatsa mng'ono wanga njingayo kuti apite nayo patali n'kubwera, ine nditaima pakati pa msewu. Anzanga, ndinaona dzuwa loyera likubwera, lopanda njinga, lopanda munthu. M'mbali mwa msewu munazimiririka. Sindinadziwe kuti ndithawire kumanja kapena kumanzere, miyendo inangouma. Atadutsa ndinakhala ndikuona timadontho tobiriwira kwa kanthawi. Miyezi itatu yonse anthu a kwathu ankandiona chonchi, kwinaku akundipatsa moni masana ngati palibe kanthu.

Ndinabwerera kwa makaniko. Tinaimika njinga moyang'ana khoma, tinaweramitsa nyali, tinamata tepi yakuda chakumwamba kwa galasi. Zachepako, koma sizinathe. Mng'ono wanga akuti tsopano ndi dzuwa la m'mawa osati la masana. Babu wakale uja ndinamusunga, ali m'kabati wokulungidwa m'nyuzipepala. Kumubwezeretsa ndi ntchito ya mphindi zochepa. Sindinamubwezeretse. Mvula yayandikira, maenje ayambanso, ndipo bondo langa likamazizira limandikumbutsa ngolo ija. Agogo aja ndinakawapatsa ufa wina, analandira ndi manja awiri n'kundifunsa za bambo. Za nyali sanatchulenso.

Dzulo usiku, nditangodutsa pa mlatho waung'ono wa kufupi ndi kwathu, ndinaona mayi wobereka mwana akubwera, dzanja lili kale pamphumi. Ndinaima, ndinazimitsa injini ndi nyali yomwe. Tonse awiri tinakhala mumdima, wina osamuona mnzake. Ndinangomva mapazi ake akuyandikira pang'onopang'ono, kenako akudutsa.

"Mwafa mafuta, bambo?" anafunsa ali kumbuyo kwanga.

"Ayi mayi, pitani bwino."