Kodi Nkulakwa Kutseka Wayalesi pa Masika?

Mwezi wa April ukafika pakati, mvula iyamba kutsazika kuno ku Migodi. Mitambo yakuda ija imene inali kuunjikana madzulo onse pamwamba pa Nkana ibalalika, udzu wa m'mbali mwa mseu wocokera ku Kitwe kunka ku Ndola ucita ngala nufiira, ndipo maluwa acikasu a deliya ayala ponseponse, ngakhale m'mphepete mwa njanji mmene palibe munthu anawabzala. M'mamawa munthu ayamba kufunafuna jekete lace. Azungu ali nalo dzina lao la nyengo imene masamba agwa ndi dzinthu zikhwima. Ife a ku Katete timati masika, ndipo dzinali makolo athu anadza nalo pamodzi ndi mtondo ndi munsi, muja anabwera kudzalembedwa nchito.

Tsono pali funso limene landivuta m'nyengo imeneyi, ndipo ndifuna kuliika pamaso panu, owerenga okondedwa. Kodi munthu alakwa ngati atseka wayalesi, naika lamya yace m'kabati, nakakhala pakhonde kumasenda mtedza wophika, cikhalirenico adziwa bwino lomwe kuti kunja kuli nkhondo, njala ndi maliro?

Mnansi wanga, mkulu amene anagwira nchito pansi pa mgodi zaka zambiri, ati kumeneko ndiko kulakwa. Iwo April samkondwerera konse. Andikumbutsa kuti pa 3 April 1940 asilikari anaombera anchito a ku Nkana amene ananyanyala nchito pofuna malipiro oyenera, ndipo anafa anthu 17. Andikumbutsanso za pa 27 April 1993, pamene ndege yonyamula anyamata athu a mpira inagwa m'nyanja pafupi ndi Libreville, nimwalira anthu 30 onse amene anali m'menemo, pamodzi ndi mphunzitsi wao Godfrey Chitalu, mwana wa ku Luanshya. “Bambo,” atero mkuluyo, “caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Wotseka makutu lero adzalira yekha.” Sindingathe kuwatsutsa msanga, pakuti dziko lino la mkuwa lamva zolemetsa zambiri. Mu September 1961 ndege ya Dag Hammarskjöld inagwa m'thengo pafupi ndi Ndola. Mu September 1970 matope analowa mu mgodi wa Mufulira naphimba amuna 89. Munthu wokula ndi mbiri zotere ali nako kuyenera kwa kukaikira mnzace amene akamba za maluwa.

Komabe tiyeni tiganize kaye m'mene nkhani inali kufikira kale. Kumudzi nkhani yoipa inali kuyenda ndi miyendo. Mthenga akafika pabwalo, nakhala pansi, nanena kuti kwakuti kwagwa zobvuta, womvayo sanali kutsala ndi mau okha m'mtima. Anali kudziwa cocita: mwamuna atenga khasu, mkazi asenza ufa ndi nkhuni, onse anyamuka. Nkhani ndi nchito yace zinali kudza pamodzi, monga mtolo ndi nkhata yace. Ndipo popeza miyendo itopa, munthu sanali kumva maliro oposa amene akanatha kukafikako.

Zimenezi zinasintha pang'onopang'ono. Boma la Northern Rhodesia linayamba nyuzipepala ya Mutende mu 1936, ndipo mu 1941 linayamba kuulutsa mau kucokera ku Lusaka kuti anthu amve za nkhondo. Mu 1949 kunadza kawayalesi kaja kochedwa Saucepan Special, kofanana ndi sefuliya, kogulidwa mapaundi 5, ndipo pamenepo mbiri za maiko akutali zinalowa m'nyumba za m'makomboni. Koma ngakhale masiku amenewo nkhani inali ndi ora lace. Anthu anali kusonkhana, kumvetsera, kutsutsana pang'ono, ndi kutseka kuti batire lisathe. Lero lamya iri m'thumba usana ndi usiku, ndipo itula maliro a dziko lonse lapansi pamutu pa munthu mmodzi, wopanda khasu loti atenge kapena njira yoti ayendemo. Ine ndiganiza kuti mtima sunalengedwe kusenza cotero. Ukalemedwa kopambana muyeso, suonjezera cifundo, ungocita dzanzi.

Ici ndinaciona pa ine ndekha, ndipo ndicita nako manyazi pocinena. Caka cina ndinazolowera kukhala madzulo onse maso ali pa lamya, kutsata nkhondo ya kutali mzinda ndi mzinda. Ndinali kudziwa maina a midzi imene sindidzaiona, koma sindinadziwe kuti m'nyumba yacitatu kucokera pa yanga nchembere ina yagona milungu iwiri. Anandiuza ndi mdzukulu wanga, amene anati, “Agogo, kodi inu simunamve? Amai apitako kale kawiri ndi phala.” Ndinali kudziyesa munthu wa cisoni cacikuru, koma cisoni cangaco sicinamthandize munthu ali yense.

Onaninso macitidwe athu pa maliro enieni. Kodi pa siwa palibe moto? Akazi alira m'nyumba, inde, koma kuseri ena aphika nsima, ndipo adzukulu, amene agwira nchito yolemetsa koposa onse, ndiwo aloledwa kuseka ndi kuseketsa anzao. Makolo sanayese kumeneku kupeputsa womwalirayo. Anadziwa kuti wokumba manda ayenera kudya, ndi kuti wamasiye amene akana madzi tsiku lonse ayenera kupembedzedwa kufikira amwe. Ngati kudya ndi kuseka kuli ndi malo ace pafupi ndi mtembo, nanga tidzaletsa bwanji munthu kukondwera ndi mbatata cifukwa ca zimene wamva m'wayalesi?

Ndipo zokondweretsa za masika kuno nzazing'ono ndithu, zosafuna ndalama zambiri. Pali cimanga cotsiriza ca caka, cimene cayamba kulimba, coocha pa mbaula m'mbali mwa njira, cimene munthu acikukuta pang'onopang'ono nsagwada zitatopa. Pali mtedza wauwisi wophikira m'makoko ndi mcere, umene anzathu Abemba auchula imbalala. Pali maungu, nzimbe, ndi magwafa amene ana awathothola asanapse ngakhale muwaletse kangati. Ku msika wa Chisokone ku Kitwe ndi wa Masala ku Ndola miulu ya mbatata iyamba kukula, ndipo amai ogulitsa cikanda aceka tizidutswa tao mosamala ngati akuceka sopo. Koma cimene ine ndicikonda koposa ndico kukwirira mbatata m'phulusa la mbaula dzuwa litalowa. Imeneyi simungaifulumize. Mukaiika pa makala oyaka ipserera kunja, m'kati muli gwa. Muyenera kuikwirira, kuiiwala, kuceza, ndi kuikumbukira pamene pfungo lace lakuitanani. Pa nthawi yonseyo munthu ayang'ana nkhope za a m'nyumba mwace, ndipo amva zimene masiku ena sakadazimva.

Koma ndisanamizire kuti mnansi wanga alibe mau. Pa 18 February 2025 dziwe losungiramo zonyansa za mgodi linagumuka pafupi ndi Chambishi, ndipo madzi a asidi anatsikira mu mtsinje wa Mwambashi nalowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, minda ya m'mphepete inapsa, ndipo mipope ya ku Kitwe inatsekedwa. Munthu amene akadatseka makutu sabata imeneyo akadatuma ana ace kukatola nsombazo. Ndiponso malire a nkhani yathu ndi nkhani ya eni ace saoneka bwino nthawi zonse. Nkhondo ya ku Ukraine inayamba mu 2022 kutali ndithu, koma mtengo wa feteleza unaimva kufikira ku Lufwanyama. Ngakhale mtedza uja ndautamanda uli ndi mbiri yace: mu 2024, caka cimene mvula inathawa pakati pa dzinja ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse, minda yambiri inafota cimanga cisanabereke, madzi a ku Kariba anacepa, ndipo tinali kukhala mumdima maora ambiri. Masika a caka cimeneco mbaula sinali cokondweretsa ai. Inali cophikira cokha cimene tinali naco.

Cotero sindinganene kuti tsekani wayalesi ndi kuitaya. Cimene ndayesa ine ndico kubwezera nkhani ora lace, monga anali kucitira eni Saucepan aja. Ndimvetsera kamodzi m'mawa ndi kamodzi madzulo, ndipo ndikamva kanthu ndidzifunsa ngati kali ndi khasu lace: kodi pali munthu woti ndimcenjeze, pali kalata yoti ndilembe, pali ndalama yoti ndisonkhe, pali dzina loti ndilichule m'pemphero? Ngati ciripo, ndicicite. Ngati palibe, ndiyesa kuitula nkhaniyo, ngakhale ndibvomereza kuti zina zikana kutsika, ndipo ndigona nazo.

Mnansi wanga sanabvomereze maganizo amenewa. Ati ndakalamba ndi kufewa mtima. Dzulo madzulo ndinawatengera mbatata ziwiri zamoto m'mbale, ndipo ndinawapeza pakhonde, wayalesi iri pa maondo. Anati, “Khalani pansi, Bambo, zatsala pang'ono kutha.” Tinamvetsera pamodzi kufikira za mpira. Pamenepo anaitsitsa mau, osaitseka, nanyema mbatata imodzi, naipemerera, nayamba kundiuza kuti ya masiku ano siifika pa imene amai ao anali kulima ku Mpongwe.