Chala Chimodzi Sichiswa Nsabwe

Makolo ponena kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe ankaphunzitsa za kuthandizana. Koma ine mwambiwu umandifikira ndikaona adzukulu athu pa Mua, pa Mtakataka ndi pa Golomoti ataunjikana pa PlayStation, akusewera zowomberana za Call of Duty. Mnyamata wagwira padi ndi manja onse awiri, komabe ntchito yolunjika mdani waisiyira chala chimodzi, chachikulu cha kumanja. Chalacho chakhala pa kamtengo kakafupi kamene iwo amati analogi, thukuta lili kamukamu, mlomo walumidwa.

Kamtengo kameneka kali ndi khalidwe lake. Ukakakankhira kumanja, mfuti ya pakanema imayamba kutembenuka ndipo siima mpaka ukasiye. Ukakankha pang'ono imayenda pang'onopang'ono, ukakankha kwambiri imathamanga. Zili ngati ng'ombe za pa ngolo: ukazikhotetsa zimapitirira kukhota, ndipo woyendetsa ayenera kudziwiratu nthawi yozibweza. Ndiye chifukwa chake mwana amapitirira mdani, n'kubwerera, n'kumupitiriranso.

Pali chida china chotchedwa trackball. Ndi kampira kosalala kokhala m'chibowo, theka lake lili panja. Ukakagudubuza pang'ono, mfuti imasuntha pang'ono pomwepo n'kuima. Ukakaponya mwamphamvu, kamazungulira kokha ndipo msilikali amacheuka msanga. Ukakagwira, zonse zimaima nthawi yomweyo. Pa kampira kakakulu, chala chamkombaphala ndi chapakati zimagudubuza, chachikulu n'kumadina batani. Dzanja lonse limagwira ntchito.

Ana amayesa kuti n'chatsopano, pomwe n'chachikulu kuposa makolo awo. Mu 1952 akatswiri a ku Canada anapanga trackball yoti asilikali a pamadzi azigwiritsa ntchito.  Kampani ya Atari inaika kampiraka pa Missile Command mu 1980 ndi pa Centipede mu 1981. Timitengo tiwiri ta pa padi tinadzafala pambuyo pake, Sony itatulutsa DualShock mu 1997.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti opanga masewera anadziwa kalekale kuti chala chachikulu pachokha sichilunjika bwino. Choncho anaika thandizo lobisika. Kuyambira pa Halo wa mu 2001, chakhala chizolowezi kuti mfuti ikayandikira mdani, makina aichepetse liwiro, mwinanso kuikokera pang'ono kwa mdaniyo. Mwana amalumpha n'kukuwa kuti "Ndamudya!" osadziwa kuti dzanja lina lamugwirira uta. Sindikuti n'kuba, poti malamulo a masewerawo amalola. Koma khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Luso limene makina akubwereka limatha tsiku limene athimitsa thandizolo, ndipo ine ndimafuna mdzukulu wanga adziwe malire a dzanja lake, kuti chimene wachikwanitsa chikhale chakechake.

Mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa, inde, koma walira mvula walira matope. PlayStation imaona trackball ngati mausi ya kompyuta, ndipo si masewera onse amene amailandira. Fortnite amalola, Call of Duty naye wakhala akulola kuyambira Modern Warfare wa mu 2019. Ukagwiritsa ntchito kampira thandizo lija limachoka, poyenda umagwiritsa ntchito kiyibodi, ndipo ufunika tebulo, pomwe ana athu amasewera atakhala pa benchi, padi ili m'manja. Kampani ya Valve inayesa kuyanjanitsa padi ndi kampira mu 2015 ndi Steam Controller, imene inali ndi kambale kokhudza kotsanzira kampira, koma mu 2019 inasiya kuipanga.

Ndiye pali fumbi lathu. Amene anakhalapo m'chigwa muno mu Okutobala akudziwa mmene limalowera paliponse, ngakhale m'mano. Fumbi likasakanikirana ndi thukuta la zala limamata pa timikanda titatu timene kampira kamatsamira, ndipo kamayamba kukakamira. Ubwino wake umangokatulutsa, kupukuta ndi kansalu, n'kukabwezera. Koma kamtengo kakatha mkati, mfuti imayamba kuyenda yokha popanda woikhudza, ndipo mwini padi ayenera kufuna wodziwa kumasula ndi kuwotcherera.

Ena a msinkhu wanga amati ndisalowerere masewera a mfuti, popeza tinaona othawa nkhondo a ku Mozambique atadzaza Dedza ndi Ntcheu m'zaka za m'ma 1980. Mawu awo ndimawalemekeza, ndipo ndimawauza anawa kuti mfuti yeniyeni ilibe batani loyambiranso. Koma kuwaletsa sikunathandize, ndiye ndi bwino kukhala nawo pafupi n'kumamva zimene akuphunzira.

Kwa mdzukulu wofuna kuyesa kampira ndimati ayambe ndi liwiro lotsika, asewere yekha kaye asanapikisane ndi anzake, ndipo asathawe akamagonja masabata oyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzanja lozolowera kukankha limatenga nthawi kuti liphunzire kugudubuza. Ndipo asanapereke ndalama, afunse kaye ngati masewera amene ali nawo amalandira mausi.